Ayi wa Gobnait

Fachtna Cadogan anali munthu wosadziwa kukayika. Anakalambira panyanja ya kumadzulo kwa Cork akutchera nkhanu, ndipo palibe tsiku limene anabwerako n'kuvomera kuti wasochera. Boti likalowera kolakwika ndiye kuti lalakwa ndi chifunga. Choncho mlamu wake Concepta atafika pa 2 Januwale n'kunena kuti tiyi wa amayi chaka chino akamwera ku hotela ya ku Skibbereen, Fachtna sanadikire n'komwe kuti mayiyo avule chikhoti.

"Tiyi ali muno," anatero. "Patebulo lomweli, 3 koloko, monga mwa zaka zonse."

"Aphike ndani?"

"Ine."

Concepta anaseka mpaka anagwira khoma. "Inu alamu? Inu amene mumafunsa kumene kumakhala masipuni m'nyumba mwanu momwe?"

Kwathu kuno pa 6 Januwale, Khirisimasi ikamatsazika, ndi tsiku la amayi. Amakhala ataphikira anthu masabata awiri osapuma, ndiye tsikulo amavula maepuloni n'kusonkhana kwa mnzawo kukamwa tiyi okhaokha, amuna n'kutsala ndi mbale. M'mudzi mwathu tiyi ameneyu wakhala akumwedwa kwa Gobnait, mkazi wa Fachtna, kwa zaka pafupifupi makumi anayi, ndipo iye asanayambe ankamwedwa kwa mayi ake, m'nyumba yomweyo, m'makapu omwewo a maluwa obiriwira.

Koma mu Seputembala sitiroko inamugwetsa Gobnait akuyanika zovala kuseri. Anachoka kuchipatala mbali yonse yakumanja itafa, pakamwa patatsala liwu limodzi lokha: "Ayi." Tangoganizani, mayi amene ankatha kukalipira galu, wailesi ndi mwamuna wake mpweya umodzi! Ukamufunsa ngati akumva kuzizira, ayi. Ngati akumva kutentha, ayi. Dzina lake ndani, ayi.

Fachtna anali ataona kale mmene anthu asinthira. Amayi ankabwera kudzazonda, inde, koma mphindi khumi zokha, chikwama chili pamwendo. Ankalankhula mokweza ngati Gobnait wagontha, kenako n'kutembenukira kwa Fachtna: "Wagona bwanji lero?" mwini wake ali pomwepo akuwayang'ana. Zimenezi zinkamupweteka Fachtna koopsa. Ankadziwanso kuti tiyi akangopita ku hotela sadzabwereranso, ndipo Gobnait adzasanduka uja amene amamusungira kachidutswa ka keke m'pepala, akakumbukira. Tebulo limenelo linali chinthu chomaliza chimene mkazi wake anali nacho pakati pa amayi anzake, ndipo Fachtna analumbira mumtima kuti sililandidwa iye ali moyo.

"Musaganize kuti ndikuchita nkhanza," anatero Concepta atakhala pansi. "Ndi mkulu wanga uyu. Mukufuna amayi asanu ndi awiri adzamuone tiyi akumutsika pachibwano, patebulo pali buledi wanu wolimba ngati mwala? Komanso ndamufunsa ine, wakana. Onani." Anawerama pa mpando wa Gobnait pafupi ndi moto. "Achemwali, tidzamwere muno tiyi?"

"Ayi," anatero Gobnait.

"Mwamva nokha."

"Mwafunsa kangati?" anafunsa Fachtna.

"Kamodzi. Ndiye?"

"Alamu, munabadwira kuti inu? Ndani m'parishi muno anavomerapo tiyi atafunsidwa kamodzi? Ngakhale bambo mfumu amakana kawiri. Inuyo paukwati wanga munakana keke katatu, n'kudya zidutswa zinayi, ndinkawerenga ine."

"Zitatu!"

"Zinayi. Tapatukani ndifunse mwaulemu."

Anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kugwira dzanja lamanzere la mkazi wake. "Gobnait, amayi abwere?"

"Ayi."

"Aa, iwe, abwere basi. Si chovuta."

"Ayi."

"Ndakonza kale maganizo, ungondivomera."

Gobnait anamuyang'ana. Kenako maso ake anayenda pang'onopang'ono mpaka pa kabati pamene pamakhala makapu aja. "Aaayi," anatero motsitsa.

Fachtna anadzuka nkhope ikuwala. "Wavomera."

"Ine ndamva ma ayi atatu," anatero Concepta. Koma mawu ake anali atafewa. Anavala magolovesi, nati ali pakhomo: "Malo ku hotela ndiwasunga mpaka masana a pa 5 Januwale. Ndikadzabwera ndidzapeze buledi woti munthu n'kudya mano osaguluka. Apo ayi, tonse ku Skibbereen, ndipo musadzandinene."

Concepta atangotuluka, Fachtna anatsitsa kope la maphikidwe limene limakhala pamwamba pa kabati. Linali la malemu apongozi ake, chikuto chake chakuda ndi mafuta a zaka zambiri, masamba ena omatirirana ndi jamu. Anavala magalasi n'kupeza tsamba la buledi wa soda. Panalembedwa motere: ufa manja anayi odzaza, soda pang'ono, mchere monga umadziwira, chambiko mpaka zitheke, uvuni wotentha bwino.

"Basi?" anatero Fachtna. "Zimenezi ndi zimene amayi akhala akutinyadira nazo zaka zonsezi? Ine ndinaphwasulapo injini ya boti pakati pa nyanja, mafunde akundimenya kumsana!"

Anapisa dzanja m'thumba la ufa. Tsono dzanja la Fachtna, abale, ndi fosholo. Manja ake anayi anadzaza mbale mpaka ufa kutayikira patebulo. Soda anathira supuni yaikulu, poti pang'ono pa mwamuna si pang'ono pa mwana. Anakanda ndi mphamvu zonse, ngati akukoka chingwe cha nangula. Chimene chinatuluka mu uvuni chinali chachikasu, cholemera, chonunkha sopo. Anaponyera galu kachidutswa. Galu ananunkhiza n'kupita kukagona panja pamvula.

"Ufa wa masiku ano," anatero Fachtna. "Si ufa."

Mawa lake anagula ufa wina. Buledi wachiwiri anapsa kunja, m'kati muli phala. Pamenepo wolakwa anali uvuni. Wachitatu anatuluka wathyathyathya, ndipo wolakwa anali ng'ombe imene inatulutsa chambiko. Akhwangwala a kuseri kwa nyumba anadya bwino sabata imeneyo, ngakhale ena ankauluka mopendama.

Pa 4 Januwale kunazizira kwambiri, ndiye Fachtna anakankhira mpando wa Gobnait kukhitchini kuti azimva kutentha kwa uvuni. Anamufunditsa bulangeti m'miyendo n'kuyambanso ntchito yake, akuimba mluzu ngati munthu amene zonse zikumuyendera. Anapisa dzanja m'thumba.

"Ayi," anatero Gobnait kumbuyo kwake.

Anathira m'mbale n'kupisanso.

"Ayi."

"Ndikudziwa chimene ndikuchita, iwe."

"Ayi! Ayi!"

Fachtna anali asanagone bwino masiku atatu, nthawi inali itamuthera, ndipo mtima unamuphulika. Anamenyetsa mbale patebulo, ufa n'kuti fuu m'mwamba. "Ayi, ayi, ayi! Ndiye panga wekha!"

Fachtna anachita manyazi aakulu, oti akanatha akanalowa mu uvuni momwemo. Munthu wamkulu ndithu kukalipira mkazi wodwala! Anatembenuka kuti apepese, koma anapeza Gobnait sakulira. Anali atatulutsa dzanja lamanzere m'bulangeti, walitambasula, zala zikutseguka ndi kutsekeka, maso ali pa thumba la ufa.

Fachtna anayang'ana kadzanjako, n'kuyang'ana lake, n'kuyang'ana m'kope. Manja anayi. Apongozi ake anali kamayi kakang'ono kofika pachifuwa pake, ndipo Gobnait anatengera manja omwewo.

"Ha!" anatero. "Ndimadziwa ine kuti m'kopemu muli cholakwika. Sanalembe kuti manja a ndani."

Anakhuthula mbale n'kubweretsa thumba pamwendo pa mkazi wake. Gobnait anapisa, natapa, nathira, kanayi, ufa wina ukugwera pabulangeti. Wonsewo sunafike ndi theka la wa Fachtna. Soda anatapa ndi nsonga za zala zitatu, mchere chimodzimodzi. Kenako anaboola pakati pa ufa ndi chala, n'kuloza botolo la chambiko ndi chibwano.

Fachtna anayamba kuthira pang'onopang'ono, maso ali pankhope ya mkazi wake. Anathira, anathira.

"Ayi."

Anasiya pomwepo. Atafinya chibakera kuti akande, Gobnait anamenya tebulo. Anamuonetsa dzanja lake atalikhotetsa zala ngati phazi la nkhuku, n'kulizunguza m'mwamba mopepuka. Fachtna anatsanzira, nazunguza m'mbale kasanu, kasanu ndi kamodzi.

"Ayi."

"Basi? Sindinayambe n'komwe!"

"Ayi."

Fachtna anaumba ufa wokandawo mozungulira, nadula mtanda wa Yesu pamwamba monga ankaonera kuyambira ali mwana. Atanyamula kuti aike mu uvuni, Gobnait anamukoka epuloni. Analanda mpeni n'kubaya yekha m'zigawo zonse zinayi, kamodzikamodzi, kuti timizimu tituluke tisawononge buledi. Fachtna ankaseka mwambo umenewo zaka zonse za ukwati wawo. Tsiku limenelo anagwirizira thireyi osaseka.

Buledi ameneyo atatuluka, fungo lake linadzaza nyumba mpaka galu anabwerako yekha. Madzulo omwewo anatsegula tsamba la keke ya zipatso. Gobnait anatapa mphesa zouma ndi shuga, Fachtna nathira tiyi wozizira wakuda bii mpaka atamva ayi, n'kuzisiya kuti zifufume mpaka m'mawa.

Concepta anafika masana a pa 5 Januwale foni ili kale m'manja. Anapeza buledi watsopano atakulungidwa m'kansalu pawindo. Anamunyamula, namuyeza kulemera, namutembenuza n'kugogoda pansi pake ndi chala khutu lili pafupi. Anadula, napaka batala, naluma. Anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana kunja.

"Waphika ndani?"

"Ine," anatero Fachtna, manja ali m'chiuno.

"Bodza."

"Funsani mkulu wanu."

Concepta anayang'ana Gobnait, naona ufa umene unatsalira m'zikhadabo za dzanja lamanzere. "Uyu ndi buledi wa amayi," anatero chapansipansi. Kenako anamina mwamphamvu n'kutembenuka ngati wakwiya. "Ndipo mawindo awa munawatsuka liti? Mukufuna mayi Keohane adzalembe dzina lawo ndi chala pagalasi? Nsalu ya patebulo ili kuti, yositidwa? Musandiyang'ane choncho alamu, ndikuimbira a hotela kuti sitibwera."

Pa 6 Januwale Fachtna anadzuka kusanache bwino. Masikono anaphika ndi mkazi wake m'mawa womwewo kuti adzafike patebulo akadali ofunda. Anatsuka makapu a maluwa obiriwira imodziimodzi ndi zala zake zazikuluzo, osaswa ngakhale imodzi, ndipo anauza galu kuti aone ndi kuphunzira. Concepta anabwera msanga kudzamuveka Gobnait diresi yabuluu ndi kumupesa tsitsi. Pofika 3 koloko tebulo la pabalaza linali litadzaza: buledi, batala, jamu wa mabulosi akuda, masikono, keke ya zipatso yonyezimira, ndi kabotolo ka vinyo wotsekemera kobisika kuseri kwa tipoti.

Amayi anafika awiriawiri, akukutumula maambulera pakhomo. Womaliza kulowa anali mayi Keohane, a zaka 89, amene anamwapo tiyi ameneyu nthawi ya mayi ake a Gobnait. Anamuyang'ana Fachtna kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ali m'epuloni ya mkazi wake imene zingwe zake sizinkakumana kumbuyo.

"Fachtna, mwana wanga, wakongola," anatero. "Ukanavala chonchi kale ukanapeza banja labwino."

"Khalani pansi mayi, mulawe kaye musanayambe chipongwe. Mudya keke?"

"Ayi, ndadya kale kunyumba."

"Kachidutswa kokha."

"Ayi ndithu, shuga wanga."

"Kakang'onong'ono."

"Chabwino, poti wadula kale."

Fachtna anamukhazika Gobnait kumutu kwa tebulo, pamalo pake. Amayi analawa buledi n'kuyang'anana, ndipo wina anati sanadyepo wotere chichokereni chaka chatha. Chifuwa cha Fachtna chinatukumuka mpaka epuloni inatsala pang'ono kung'ambika. Wapambana! Tiyi ali m'nyumba, tebulo lili kwa mwini wake.

Apa ndiye pamene munthu wanzeru akanatenga thireyi n'kubwerera kukhitchini. Koma Fachtna anaima kumbuyo kwa mpando wa mkazi wake ngati msilikali. Miyezi inayi anali atamudyetsa, kumusambitsa ndi kumuyankhira, ndipo miyendo yake sinkadziwanso njira ina. Anamudulira sikono tizidutswa ting'onoting'ono. Anamuuzirira tiyi. Anamugwirira kapu pakamwa, kansalu kali kale m'dzanja linalo.

"Gobnait, diresi yakukhala bwino," anatero mayi wina.

"Anaigula ku Cork chaka cha dzana," anayankha Fachtna.

"Ukumva bwanji masiku ano, mnzanga?"

"Akupeza bwino kwambiri. Dzulo wadya dzira lonse."

Amayi anagwedeza mitu. Wina anati mvula yachuluka chaka chino. Wina anati inde, yachulukadi. Wachitatu anati koma akuti Lachinayi kukhala bwino. Masipuni ankalira m'makapu. Tiyi wa amayi amene phokoso lake limamveka mpaka kumsewu, lero anali ngati anthu akudikira dokotala. Wina anali atayamba kale kusuzumira wotchi, chikwama chili pamwendo.

Fachtna anaona kuti zinthu zikuzizira, ndipo anadziwa mankhwala ake: anayamba kufotokoza mmene anagonjetsera buledi. Anafotokoza za ufa woipa, za uvuni, za cholakwika chimene anatulukira m'kope la apongozi ake. Anafotokoza bwino ndithu, ndi manja omwe. Amayi anamwetulira mwaulemu. Concepta ankamuponyera maso oti akanapha ng'ombe, koma iye ankaganiza kuti mlamu wake akufuna tiyi wina, n'kumuthirira.

Mayi Keohane anaika kapu pansi. Anasendera kwa Gobnait n'kutsitsa mawu. "Iwe Gobnait, wamva za mkazi wa Minihane ndi dokotala wa ziweto uja? Akuti ng'ombe yawo yadwala kasanu mwezi umodzi."

Diso la Gobnait linawala. Mbali yamoyo ya pakamwa pake inayamba kukwera.

"Zimenezo zimamutopetsa, mayi," anatero Fachtna. "Adokotala anati asamatengeke mtima." Anawerama ndi kansalu kaja kuti amupukute pachibwano.

Dzanja lamanzere la Gobnait linamugwira pamkono, gwa! Fachtna anadabwa ndi mphamvu yake.

"Ayi," anatero Gobnait.

"Chabwino, chabwino, ndipukuta bwinobwino."

Sanamusiye. Nkhope yake inafiira, mitsempha ya pakhosi inatuluka, milomo ikulimbana ndi chinthu chimene chinkakana kubwera. Amayi onse anasiya kutafuna.

"Tu," anatero Gobnait. Anapuma, nayambanso. "Tu... tuluka."

Concepta anaika kapu pansi. Mayi wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Fachtna anangoti kakasi, kansalu kali m'manja, pakamwa pali yasa.

"Wati chiyani?" anafunsa. "Gobnait, tanenanso."

"Tuluka."

Linamveka bwino lomwe, ndi ukali wonse wa kale.

"Mwamva, bambo," anatero mayi Keohane, akupukuta m'maso ndi chala. "Mwini nyumba walankhula. Chiyambire sindinaonepo mwamuna patebulo lino, ndipo ndinkadabwa kuti tipirira mpaka liti."

"Nanga kapu amugwirira ndani?"

"Agwira yekha," anatero Concepta. "Ukatayika utayike. Nsalu iyi yamwa tiyi wambiri kuposa inu. Tiyeni alamu, khomo ndi ilo."

Fachtna anaika kansalu patebulo pafupi ndi dzanja la mkazi wake. Anatuluka, ndipo Concepta anatseka chitseko kumbuyo kwake.

Kukhitchini kunali mulu wa mbale, mathireyi ndi ufa paliponse. Anaima pakati pake osadziwa poyambira. Kenako kuseri kwa chitseko anamva mawu a mayi Keohane akunong'ona, wina n'kuti "Ayi, musatero!", kabotolo kaja kakutsegulidwa. Mwadzidzidzi chiseko chinaphulika, cha amayi asanu ndi atatu nthawi imodzi, mpaka galu anadzidzimuka pansi pa tebulo. M'kati mwa chisekocho munali china chokhota, chosasa, chochedwa pang'ono kuposa zinazo. Fachtna anali asanachimve chichokereni Seputembala, koma akanachizindikira ngakhale pakati pa namondwe.

Anakhala pampando n'kulira ngati mwana, epuloni ili kumaso. Anasangalala kwambiri, ndipo zinamuwawanso. Miyezi inayi ankadzuka ndi kugona pambali pa mayi ameneyu, akumupempha liwu limodzi lokha latsopano, dzina lake kapena chilichonse, ndipo liwulo litabwera linali lomuthamangitsa. Chimene chinamuseketsa mkazi wake m'chipindamo sadzauzidwa, ngakhale atafunsa katatu.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Panatuluka dzanja la Concepta lokha, litagwira tipoti wopanda kanthu.

"Wina, alamu, wakuda bwino. Ndipo pobweretsa mugogode, musalowe."

Fachtna anapukuta nkhope, nalandira tipoti, n'kukatunga madzi m'ketulo.